Kodi wokopera nyimbo pa foni waba?

Mu mzinda wa Blantyre muli mpingo wa CCAP wotchedwa St Columba. Munthu amene dzina lake lili pa chikwangwani cha tchalitchicho, malinga ndi zimene anthu a ku Ireland akhala akusimba, anaimbidwapo mlandu wokopera buku la mwini popanda chilolezo.

Nkhani yake imayenda chonchi. Cha m'ma 560, Columba anali mmonke, ndipo mphunzitsi wake Finnian anali ndi buku la Masalimo lolembedwa pamanja. Masiku amenewo buku limodzi linkadya miyezi yambiri ya munthu ndiponso zikopa zambiri za ana a ng'ombe, pakuti ankalemba pa zikopa. Columba ankalowa m'tchalitchi usiku n'kumakopera tsamba ndi tsamba mpaka anamaliza. Finnian atatulukira, anati buku latsopanolo ndi lake. Mlandu unakafika kwa mfumu Diarmait. Columba anaima pa mfundo ziwiri: buku la Finnian silinachepe ngakhale chilembo chimodzi chifukwa cha kukoperako, ndipo mawu a Mulungu sayenera kutsekeredwa m'nyumba ya munthu mmodzi. Mfumu inaweruza ngati woweta ziweto, inati monga mwana wa ng'ombe ali wa mwini ng'ombe, buku lobadwa kuchokera ku buku lina ndi la mwini buku loyambalo. Mkwiyo umene unatsatira unathera ku nkhondo ya Cúl Dreimne cha mu 561, ndipo mu 563 Columba anachoka kwawo kupita ku chilumba cha Iona, kumene kunakhala chitsime cha Chikhristu cha ku Scotland. Anthu a ku Scotland omwewo ndi amene anadzatsegula mishoni ya Blantyre mu 1876.

Akatswiri a mbiri amakumbutsa kuti nkhani ya mlanduwu inalembedwa mwatsatanetsatane patapita zaka pafupifupi 1,000, ndipo nkhondo ija inali ndi zifukwa zinanso. Komabe mfundo ziwiri za Columba zija zili moyo. Zimamveka tsiku ndi tsiku pa msika wa Limbe, ku Area 2 ku Lilongwe, ngakhale pa malo a malonda a kumudzi kumene mnyamata wakhala m'kashopu ndi kompyuta imodzi ndi masipika awiri. Mayi amafika ndi memole khadi yawo. "Achimwene, mundiikireko za Mulungu zokhazokha, idzaze." Amapereka ndalama yosakwana mtengo wa buledi, n'kuchoka ndi nyimbo mazanamazana. Mukawafunsa ngati aba, adzadabwa, mwinanso kukwiya. Ndaba chiyani? Woimbayo nyimbo yake sali nayo?

Funso la mayiwa si la umbuli, ndipo wolitaya msanga sanaliganizire. Wakuba mbuzi amasiya khola lopanda mbuzi. Wokopera nyimbo sasiya malo opanda kanthu. Kumudzi, mwana akatumidwa kukapala moto kwa anansi amabwerako ndi khala pa phale, koma moto wa anansi uja umayakabe monga kale, ndipo palibe nyakwawa inaweruzapo mlandu wa kuba moto. Thomas Jefferson, amene anakhalapo pulezidenti wa America, analemba zofananazo m'kalata ya mu 1813, kuyerekeza nzeru ndi nyali imene munthu amayatsira pa nyali ya mnzake popanda kumusiya mu mdima. Ku Sweden achinyamata ena anafika nayo patali mfundoyi mpaka kuyambitsa chipembedzo cha Kopimism, chimene chimati kukopera ndi ntchito yopatulika, ndipo kumayambiriro kwa 2012 zinadziwika kuti boma lachilemba m'kaundula wa zipembedzo.

Choncho kunena kuti kukopera n'chimodzimodzi kuba mbuzi n'kunama, ndipo ana a sukulu amazindikira bodzalo msanga. Mlaliki amene angoti "ndi kuba basi" amataya omvera ake pa chiganizo choyamba.

Koma fanizo la moto lili ndi mbali imene okonda kukopera amaidumpha. Moto wa anansi uja unayaka chifukwa wina anapita kuthengo mbandakucha, anatola nkhuni, n'kuzisenza pamutu mtunda wautali. Kupala moto kunalibe mlandu chifukwa mawa lake anansiwo ankabweranso kwanu kudzapala, kapena kudzapempha mchere. Kupatsa n'kuika, amatero akuluakulu. Ndipo ngakhale nyimbo za makolo zinalibe mwini wozigulitsa, woimba sankabwerera kwawo chimanjamanja. Pa bwalo la gule anthu amafupa. Woimba ng'oma akaikometsa, wovina akadula bwino m'chiuno, munthu amadzuka pamene wakhala n'kukaponya kangachepe. Palibe wolondera pakhomo, palibe tikiti, koma aliyense amadziwa kuti kusangalala ndi thukuta la mnzako n'kuchoka osasiya kanthu ndi mwano. Chimene foni yachita n'chakuti yasunga kugawana kuja koma yadula kufupa. Nyimbo imafika m'khutu la munthu ku Nsanje, ku Chipata kapena ku Johannesburg, mwini wake ali ku Balaka akuganiza za ngongole ya ku situdiyo.

Ngongoleyo ndi yeniyeni. Pali wojambula mawu, woimba gitala, wa kiyibodi, wojambula vidiyo, galimoto yonyamula kwaya, nsalu za yunifolomu. M'nthawi ya makaseti, pamene O.G. Issa wa ku Limbe anali wogulitsa nyimbo wodziwika m'dziko lonse la Malawi, woimba ankatha kuwerenga makaseti amene agulidwa n'kudziwa chimene wapeza, ngakhale chinali chochepa. Makompyuta atafika m'misika, kuwerengako kunatha. Oimba ambiri, makamaka a nyimbo zauzimu, anayamba kuyenda okha m'misewu ndi m'madepoti ndi ma CD m'chikwama, kupikisana ndi mnyamata amene akugulitsa nyimbo zawo zomwezo pa mtengo wa bonya.

Apa ndi pamene mfundo yachiwiri ya Columba imatulukira, ndipo imatuluka pakamwa pa anthu opemphera: uthenga wa Mulungu sugulitsidwa. Amaloza Mateyu chaputala 10, pamene Yesu potuma ophunzira ake akuwauza kuti apereke kwaulere popeza analandira kwaulere. N'zoona, mawuwo alimo, pa ndime 8. Koma pa ndime 10, m'kamwa momwemo, Yesu akunena kuti wogwira ntchito ayenera kupatsidwa chakudya chake. Lamulo lopereka kwaulere linapita kwa wotumidwa, ndipo udindo womudyetsa unagwera olandira. Chodabwitsa masiku ano n'chakuti olandira atenga ndime ya wotumidwa n'kumamuwerengera iye, ndime yawo aisiya. Munthu amene amapereka chakhumi mokhulupirika, amene sangatole K500 yogwa m'thumba la mnzake, amadzaza foni ndi nyimbo za kwaya ya mpingo wake womwe osaganizako kuti kwayayo ili ndi ngongole. Akatswiri a malamulo a Chisilamu anakumananso ndi funso lomweli, ndipo mu 1988 bungwe la International Islamic Fiqh Academy linagamula kuti ufulu wa wolemba ndi wotulukira zinthu ndi wotetezedwa ndipo suyenera kuphwanyidwa.

Ngati tchimo lilipo, dzina lake m'Baibulo silili pa lamulo loletsa kuba lokha. Lili pa kumana wantchito malipiro ake. Deuteronomo 24 amalamula kuti waganyu alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ndipo Yakobo 5 amanena kuti malipiro obisidwa a anthu okolola amafuula mpaka kumwamba. Womana waganyu satenga kanthu m'nyumba ya waganyuyo. Mphika wake, mphasa yake, khasu lake, zonse zili pomwe zinali. Chimene watenga ndi tsiku la moyo wa munthu. Umu ndi mmene nyimbo ingakhalire kwa mwini wake, osachepa ngakhale pang'ono, mwiniyo n'kukhalabe wolakwiridwa.

Buku lomwelo la Deuteronomo, kumapeto kwa chaputala 23, lili ndi lamulo limene likuoneka ngati linalembedwera nkhani ino. Munthu wodutsa m'munda wa mphesa wa mnzake ankaloledwa kudya mpaka kukhuta, koma osaika m'dengu. Wodutsa m'munda wa tirigu ankaloledwa kubudula ngala ndi dzanja, koma osalowetsamo chikwakwa. N'chifukwa chake ophunzira a Yesu atabudula ngala m'munda wa eni, Afarisi anawaimba mlandu wophwanya Sabata, osati wakuba. Lamulo la Mose silinati chilichonse chochoka m'munda ndi umbava, komanso silinati munda ulibe mwini. Linasiyanitsa dzanja ndi chikwakwa, njala ya wapaulendo ndi malonda a munthu wokolola pamene sanalime.

Mwana amene watumizira mayi ake odwala nyimbo imodzi yowatonthoza wabudula ndi dzanja. Wophunzira amene wajambula masamba ochepa a buku limene laibulale ili nalo limodzi lokha wabudula ndi dzanja, ndipo malamulo a mayiko ambiri amamulola. Wogulitsa nyimbo za anthu mazana tsiku lililonse popanda kupereka kanthu kwa eni ake walowa ndi chikwakwa. Vuto n'lakuti foni yasokoneza malire amene mimba inkaika. Wapaulendo uja akakhuta ankasiya. Chala chimodzi pa WhatsApp chimatha kuponya chimbale chonse chatsopano m'gulu la anthu okwana 1,024, ndipo aliyense wa iwo ali ndi magulu ena. Dzanja lotere lasanduka chikwakwa mwini wake osadziwa.

Pali chinanso chimene chilungamo chimafuna kuti chinenedwe: zikwakwa zazikulu kwambiri m'mbiri ya nyimbo sizinagwidwe ndi anyamata a pa msika. Mu 1939 Solomon Linda ndi gulu lake la Evening Birds anajambula nyimbo ya Mbube ku kampani ya Gallo ku Johannesburg. Ufulu wake pa nyimboyo unapita ku kampani pa ndalama yochepa kwambiri, imene ambiri amati inali mashilini 10. Nyimboyo inawoloka nyanja, Pete Seeger ndi gulu la The Weavers anaiimba ngati Wimoweh, mu 1961 gulu la The Tokens linaisandutsa The Lion Sleeps Tonight, ndipo mu 1994 inamveka mu filimu ya Disney ya The Lion King. Inapanga mamiliyoni a madola. Linda anamwalira mu 1962 ali wosauka, ndipo panapita zaka zambiri manda ake alibe mwala. Mtolankhani Rian Malan ataulula nkhaniyi m'magazini ya Rolling Stone mu 2000, loya Owen Dean anapeza ndime ya lamulo lakale la Britain la 1911 imene inkabweza ufulu kwa olowa m'malo patapita zaka 25 mwini atamwalira, ndipo mu 2006 banja la Linda linagwirizana ndi kampani ya Abilene Music kuti lizilandira gawo lake. Kwa zaka zoposa 60 amene ankadyera nyimboyo anali ndi mapepala osainidwa. Mapepalawo sanawayeretse.

Okonda masewera a pa kompyuta ali ndi dandaulo lofanana. Pa 31 March 2024 kampani ya Ubisoft inazimitsa makompyuta amene ankayendetsa masewera a The Crew, ndipo anthu amene anawagula ndi ndalama zawo anatsala opanda kanthu. Ambiri anayamba kufunsa kuti, ngati kugula sikukupangitsa chinthu kukhala chako, kukopera kungakhale bwanji kuba? Mkwiyo wawo ndi womveka, ndipo makampani otere ayenera kuyankha. Koma kulakwa kwa kampani ya ku France sikuchotsa ngongole imene munthu ali nayo kwa woimba wa ku Ndirande, amene sanamulande kanthu.

Dziko la Malawi layesako njira. Bungwe la COSOMA, loteteza ufulu wa eni luso, linakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la 1989, ndipo lamulo la 2016 linaika njira yotolera kandalama pa zipangizo zosungira ndi kukopera nyimbo zikamalowa m'dziko, kuti kagawidwe kwa eni luso. Nzeru yake ndi yabwino, chifukwa imavomereza kuti anthu adzakoperabe, n'kufuna kuti woimba apezepo kanthu. Kumeneku n'kufupa kodzera m'boma. Koma msonkho sungalowe m'malo mwa chikumbumtima, ndipo woimba wa kumudzi amene sanalembetse kulikonse sumufikira.

Chigamulo cha nkhani ino n'chakuti mayi a memole khadi aja sali mbala, ndipo sayenera kutchedwa choncho pa guwa. Koma ali ndi ngongole, ndipo ngongoleyo imakula nthawi iliyonse nyimbo ija ikawatonthoza pa maliro kapena kuwadzutsa m'mawa. Amene amapanga malonda ndi nyimbo za ena popanda chilolezo ali ndi mlandu wokulirapo, kaya ali m'kashopu ka pa msika kaya mu ofesi ya nsanjika.

Abusa, ansembe, mashehe ndi akuluampingo, nkhaniyi ili m'manja mwanu kuposa m'manja mwa apolisi. Kwaya yanu ikamaimba nyimbo ya munthu wina, tchulani dzina lake pamaso pa mpingo. Mukamuitana ku msonkhano wa chitsitsimutso, musamubweze ndi mbale ya mpunga ndi "Mulungu akudalitseni" basi. Ndipo inu amene muli ndi nyimbo imene yakunyamulani pa nthawi yovuta, mwini wake akamaimba pafupi ndi kwanu, kalipireni pakhomo. Oimba ambiri amaika nambala zawo za Airtel Money ndi Mpamba pa masamba awo a Facebook. Ifuneni nambalayo lero, mumutumizire kangachepe.