Kodi Nyumba Zakale za pa Zomba Nza Yani?

Ife a m'chigwa cha Domasi tikapita ku Zomba timalekezera pa msika kapena ku chipatala, ndi kubwerera dzuwa lisanapendeke. Koma munthu akakwera mtunda, nalowa pansi pa mitengo ya m'tsinde mwa phiri, adzapeza nyumba yakale ya nsanja ziwiri zosongoka, imene aitcha Masongola. Anaimanga John Buchanan m'chaka cha 1886 kuti akhalemo Hawes, kazembe wa Angelezi. Mishoni ya Domasi, imene Alexander Hetherwick anaiyamba mu 1884 m'dziko la mfumu Malemia, iiposa ukulu ndi zaka ziwiri zokha. Harry Johnston atafika mu 1891 anakhala m'nyumba yomweyo, ndipo Zomba anakhala likulu la dziko kufikira 1975, pamene Boma linasamukira ku Lilongwe.

Tsono pali mkangano pakati pathu. Ena ati nyumba zotere zigwe, chiswe chizidye, pakuti eni ake ndiwo anatikhometsa msonkho wa nyumba ndi kulekerera thangata m'minda ya Azungu. Ena angogwira pakamwa, nati, Ha, luso la Mzungu! Ife tiona kuti onsewa agwirizana pa chinthu chimodzi osadziwa: onse ayesa kuti nyumba ndi ya iye amene analamula kuti imangidwe.

Funso ili silinayambe ndi ife. Ku India, kumene Johnston anatengako asilikali ake a Chisikh, kuli mzinda wakale wa Delhi. Mfumu Shah Jahan inamangako linga lalikulu la miyala yofiira, limene linatha mu 1648. Angelezi analilanda mu 1857, napirikitsira mfumu yotsiriza ku Rangoon. Mu 1911 Mfumu George V inalengeza kuti likulu lichoke ku Calcutta lidze ku Delhi, ndipo anamanga mzinda watsopano, ndi nyumba ya bwanamkubwa ya zipinda 340. Anautsegula mu 1931. Mu 1947 anali atanyamuka. Zaka 16 basi! Amwenye sanagumule nyumbayo, ndipo lero akhalamo Pulezidenti wawo. Koma fano la George V analichotsa pa malo ake aulemu, nakaliika kunja kwa mzinda. Anasiyanitsa zinthu ziwiri. Fano linali la mfumu yokha, koma nyumba, ngakhale mabuku atchula Edwin Lutyens amene anailinganiza, miyala yake anaisema ndi kuisanja ndi Amwenye zikwi zambiri.

Tibwerere kwathu. Kodi Buchanan akadakhoza yekha kukumba dothi, kuliponda, kuumba njerwa, kutema nkhuni za uvuni, ndi kutsitsa matabwa m'phiri pamutu? Aliyense amene anaumbako njerwa m'mwezi wa September adziwa mmene msana uwawira madzulo. Manja amene anachita ntchitoyo anali a makolo a dziko lino. Iwo sanalembe makalata, ndipo sanatisiyire zithunzi. Ambiri ngakhale manda awo anafafanizika. Khoma limene anaimika lilipo. Tikaligwetsa kuti tibwezere Johnston, iye sadzamva kanthu, pakuti anamwalira mu 1927. Amene tidzawataye ndi aja oponda dothi.

Komabe tisadzinyenge ndi kunena kuti zonse zili bwino. M'makonde amenewo munakonzedwa malamulo amene anatenthetsa nyumba za olephera msonkho. Wosunga nyumba osauza mwana wake zimenezi wangosunga njereza ndi malata.

Chovuta choposa chili pa msewu wochokera ku Blantyre, pafupi ndi kampu ya asilikali, pamene paima nsanja ya njerwa zofiira yokhala ndi wotchi, yokumbukira asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Nsanjayo inaimikidwa m'masiku a ufumu wa Angelezi, koma akufa ake ndi athu. Ndipo pambuyo pa asilikaliwo panayenda amtengatenga pafupifupi 200,000 a dziko lino, osenza chakudya ndi zipolopolo kunka kumpoto, ambiri otengedwa mokakamiza. John Chilembwe anatsutsa zotengera anthu ku nkhondoyo m'kalata yake ya mu 1914, ndipo kalatayo Boma linaitsekereza. Amtengatenga ochuluka anafera m'njira ndi kamwazi ndi njala, ndipo mayina awo ambiri sanalembedwe pa mwala uliwonse. M'midzi yathu alipo agogo amene akumbukirabe dzina la wina wa pamtundu pawo amene anapita ndi katundu pamutu osabweranso.