NYUMBA YOSESEDWA, YOPANDA WOKHALAMO

Fodya akagulitsidwa, cimanga nicilowa m'nkhokwe, ndalama zicuruka m'midzi ya ku Kasenengwa, ndipo moto wa pa migolo ya kacasu suzima. M'caka ca 2012 Boma la Zambia linaletsa timapaketi ta mowa waukali tochedwa tujilijili. Koma lamulo lingathe kucotsa mowa m'sitolo, silingathe kucotsa ludzu pakhosi pa munthu.

Alipo ambiri ofuna kuleka ndi mtima woona. Wotere aimirira pamaso pa akulu a mpingo tsiku la Sabata, nalonjeza ndi misozi. M'mawa mwace manja ayamba kunjenjemera, thukuta liri kamukamu, nsima siikhala m'mimba, tulo tithawa. Pa tsiku laciwiri kapena lacitatu ena agwa ngati akhunyu, ena aona njoka pakhoma, namva mau a anthu amene palibe. Pamenepo abale ace ati walodzedwa. Ndipo Akristu ena, amene akadayenera kudziwa bwino, ati kulapa kwace kunali kwa pakamwa pokha.

Onsewo alakwa. Mowa upondereza bongo, ndipo kwa zaka zambiri bongo uzolowera kukoka ndi mphamvu kuti ulimbane nao. Mowawo ukacotsedwa mwadzidzidzi, bongo uthamanga wopanda couletsa, monga ngolo ya ng'ombe pamtsetse. Imeneyi ndi nthenda, ndipo ikhoza kupha. Munthuyo asatsekeredwe m'nyumba ndi mapemphero okha. Atengedwe msanga kunka ku cipatala ca pafupi, kapena ku cipatala cacikuru ca ku Chipata, kumene kuli mankhwala okhazika thupi pansi kufikira masiku oopsawo atapita. Pemphero likwere naye njinga yomweyo.

Koma nkhondo yeniyeni iyamba atabwerako. Pa Mateyu 12:43-45 Ambuye Yesu anasimba za mzimu woipa umene unacoka mwa munthu, ndipo pobwerera unapeza malo ace akale ali osesedwa bwino koma opanda mwini; tsono unakaitana inzace 7 yoipa koposa iwo. Woleka mowa ali nyumba yotere. Sanataye botolo lokha ai. Wataya anzace, wataya bwalo lace la madzulo, kumene anthu ankamdziwa dzina ndi kuseka nthabwala zace. Ndipo kunena zoona, anzace akumowa aposa Akristu ambiri kukhulupirika: amzonda, amuitana, amkongoza ngakhale alibe ndalama. A mumpingo amgwira canza pakhomo pa chalichi kamodzi pa sabata, naima patali kuti aone ngati adzagwa. Akagwa, dzina lace lifulumira kufika kwa akulu kuti amdule.

Masiku 6 otsalawo ali yekha. Dzuwa likapendeka akhala pakhonde, manja ali pamaondo, namva phokoso la kumowa tsidya lija la dambo, nayang'ana kunjira kuti aone amene adzayamba kufika.