Ng'ombe Yogunda ndi Galimoto Lalikulu

M'buku la Eksodo, mutu 21, muli lamulo limene Mose anapatsa Aisraele lonena za ng'ombe yogunda anthu. Ng'ombe ikapha munthu mosayembekezeka, inkaponyedwa miyala, koma mwiniwake analibe mlandu. Koma ikakhala kuti inazolowera kugunda, ndipo mwiniwakeyo anachenjezedwa koma osaimanga, imfa ya wogundidwayo inkakhala pamutu pake.

Lamulo limeneli liyenera kukumbukiridwa ndi Mkhristu aliyense wofuna kugula galimoto lalikulu, lija lamphuno yaitali ndi matayala ngati a lole. Magalimoto otere anayamba kuchuluka ku United States, ndipo kumeneko ndiko anthu awerenga bwino zoipa zake. M'chaka cha 2009 oyenda pansi ophedwa ndi magalimoto m'dzikolo anali ngati 4,100. Pofika 2022 anapitirira 7,500. Zifukwa zake nzambiri, koma kukula kwa magalimoto ndi chimodzi mwa izo. Mu 2023 bungwe la Insurance Institute for Highway Safety linapeza kuti galimoto la boneti yokwera kupitirira mainchesi 40 likagunda munthu, mwayi woti munthuyo afe umachuluka ndi 45 pa 100 poyerekeza ndi galimoto la boneti yotsetsereka yosapitirira mainchesi 30.

Chifukwa chake sichivuta kumva. Galimoto lalifupi limamenya munthu m'miyendo, iye nagwera pa boneti, ndipo kawirikawiri apulumuka ndi mabala. Lalitali limamenya pachifuwa kapena m'mutu, nkumugwetsera pansi kutsogolo kwa matayala. Kamwana koimirira pafupi ndi mphuno yake, woyendetsa sakaona nkomwe. Tsono amene ali m'kati akhala mwamtendere ndithu, pakuti chitsulo chochuluka chiwatchinjiriza. Koma mtendere umenewo aulipira ndi ena, amene sanafunsidwe pa tsiku logula: mayi wosenza nkhuni, mnyamata wa kabaza, mwana wochokera kusukulu.

Anthu otere ndiwo adzaza misewu ya Malawi, kumenenso ma Land Cruiser ndi ma Hilux sasowa. Msewu wa M1 upyola pakati pa misika, ndipo oyenda pansi, njinga ndi mbuzi ziyenda m'mphepete mwenimweni mwa phula.

Eklezia Woyera sanena kuti kukhala ndi galimoto lalikulu ndi tchimo. Wansembe wopita kukachita Misa ku tchalitchi chakumudzi nthawi ya dzinja, ambulansi yonyamula mayi wodwala pa msewu wamatope, mlimi wopita ndi chimanga kumsika, onsewa alifunadi, ndipo galimoto laling'ono lingawatitimirire panjira. Nkhani isiyana kwa munthu amene ulendo wake ngwa pa phula pokhapokha, kuchokera kunyumba kupita kuofesi, koma agula chigalimoto kuti anzake amuopere ndi kumupatukira. Ameneyo wasenzetsa abale ake ngozi chifukwa cha kunyada chabe. Papa Francis mu 2013 anauza ophunzira za unsembe ndi za usisteri kuti mtima umamuwawa akaona wansembe kapena sisteri m'galimoto la makono kwambiri, ndipo pocheza ku United States mu 2015 anayenda m'kagalimoto ka Fiat, pakati pa zigalimoto zakuda za alonda ake.

Lamulo lachisanu la Mulungu sililetsa kupha ndi mpeni kokha. Liletsanso kuika moyo wa mnzako pangozi popanda chifukwa chokwanira. Msonkhano wa Vatican Wachiwiri mu 1965 unadzudzula anthu onyozera malamulo a pamsewu, ndipo Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2290, aphunzitsa kuti oika ena pangozi chifukwa cha kuledzera kapena kukonda liwiro achimwa kwakukulu. Mu 2007 a ku Vatican anatulutsanso malangizo a oyendetsa, ochenjeza kuti galimoto lisakhale chida chodzionetsera mphamvu. Ambiri polapa amaulula kuti anaphonya Misa ya Lamulungu, koma ndi owerengeka amene amakumbukira kuulula kuti anathamanga pakati pa msika.

Amene ali nalo kale galimoto lotere sakakamizidwa kuligulitsa mawa, koma wachenjezedwa, ndipo ng'ombe yakeyo ayenera kuimanga. Achepetse liwiro pa misika ndi pa masukulu, ngakhale pamene palibe wapolisi. Asaikepo zitsulo zotchinga kutsogolo pofuna kulikongoletsa, pakuti zitsulozo zithyola nthiti za wogundidwa. Podutsa wanjinga ampatse malo okwanira, osamuthamangitsira kutchire ndi hutala. Ndipo Misa ikatha, pamene ana abalalika pabwalo la tchalitchi, azungulire kaye galimotolo ndi kuyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala asanalize injini.