NDIME YA LERO

Werengani Luka 14:28-30. Nehemiya 2:11-18, ndi mutu 3 wonse.



Poyenda ife m'midzi kukaceza ndi Akristu ndi a m'kalasi, tiona cinthu cimodzi kawirikawiri, ndico nyumba zosatha. Pano khoma lafika m'mazenera, ndipo udzu wamera m'kati mwace. Apo njerwa zosaocha zasungunuka ndi mvula, nizisanduka culu. Uko maziko okhaokha, ndipo mbuzi zirikugonapo. Eni nyumbazi sali onse aulesi ai. Ambiri a iwo alawira ndi khasu tambala woyamba atalira, nasenza mbatatesi, kabici ndi anyezi kumka nazo kumsika wa pa Lizulu, nagulitsa kwa eni magalimoto ocokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ndalama azigwira ndithu. Koma tikawafunsa, Nanga nyumba ija? ayankha, Tinayamba bwino, koma zinatithera panjira.

Ndipo si nyumba zokha. Alipo mwana wolowa sukulu, nalekera pa Sitandade 5. Mnyamata wolowa kalasi, nazimirira asanabatizidwe. Mai wogula Buku Lopatulika, nawerenga Genesis yekha, nalisunga m'bokosi. Kuyamba tidziwa tonse. Kutsiriza ndiko kutisowa. Za ici tifuna kulankhula nanu mwezi uno.

I. Tiyambe takhala pansi.

Ambuye Yesu anafanizira womtsata Iye ndi munthu wofuna kumanga nsanja. Anaphunzitsa kuti wanzeru, asanakumbe maziko, ayamba waona ngati cuma cace cidzamfikitsa kudenga. Akapanda kutero, makoma ace osatha adzakhala coseketsa ca opita m'njira. Mau awa anena makamaka za mtengo wa kukhala wophunzira wace. Komatu Ambuye sakadatenga fanizo ili, kukadakhala kuti kuwerengera za m'tsogolo nkosayenera.

Tinena ici cifukwa alipo abale ena amene ayesa kuti kulinganiza za zaka zirinkudza ndiko kucepa kwa cikhulupiriro. Atikumbutsa Mateyu 6:34, kumene Ambuye aletsa kudera nkhawa. Koma nkhawa ndi cina, kulinganiza ndi cina. Nkhawa ndiyo kusenza lero katundu wa mawa, ndi kutopa naye usanaufike ulendo. Kulinganiza ndiko kupota nkhata madzulo, kuti katundu wa mawa asenzeke. Yosefe m'Aigupto sanadera nkhawa, koma anauza Farao kuti asonkhanitse limodzi la magawo asanu a dzinthu m'zaka zisanu ndi ziwiri za zocuruka. Ndipo pofika njala, anthu a maiko ambiri anapulumuka, pamodzi ndi atate wace ndi abale ace omwe. Makolo athunso anati, Nkhanga zinapangana kusanapse.

Tsono pokhala pansi, funso loyamba ndi ili: Kodi ndifuna kukafika kuti, Mulungu akandisunga zaka zisanu kapena khumi? Ndipo laciwiri liposa loyamba: Kodi cimene ndicifunaci ndikhoza kucichula pamaso pa Mulungu m'pemphero, wosacita manyazi? Mwini cuma uja wa pa Luka 12 anadziwa kuwerengera. Analinganiza za nkhokwe zace zazikuru bwino lomwe. Cimene anaiwala ndico Mulungu, ndi mnansi wace, ndi moyo wace wa iye mwini. Cifukwa cace anachedwa wopusa.

Musasankhe zambiri. Mapanga awiri abvumbwitsa. Wofuna nyumba ya malata, ndi njinga yamoto, ndi ng'ombe, ndi golosale, zonse caka cimodzi, adzapezeka alibe ngakhale cimodzi. Sankhani cimodzi ca moyo wa mzimu ndi cimodzi ca pabanja. Ndipo inu amuna, musacisankhe nokha pabwalo ndi anzanu. Khalani pansi ndi akazi anu, pakuti iwo ndiwo adziwa ufa ukatha liti, ndipo khasu lao liri m'munda momwemo.

II. Tidule ndime.

Inu nonse muli alimi, ndipo mudziwa ici koposa ife. Munthu akaima m'mphepete mwa munda wace m'malimwe, nauona wonse kufikira kumalire, mtima ulefuka. Koma mlimi weniweni sacedwa ndi kuyang'ana munda wonse. Adula ndime, nanena, Kuyambira pa culu ici kufikira pa msuku uwo, ndiyo yanga ya lero. Akaitha aweruka mtima uli pansi, ndipo m'mawa mwace adula yina. Adziwanso kuti nchito iri yonse iri nayo nyengo yace: kusosa, kugalauza, kubzala, kupalira, kubandira, kukolola, ndipo palibe yina ilumpha inzace.

Nehemiya anacita momwemo. Atamva kuti linga la Yerusalemu liri logumuka, anapemphera miyezi inai asananene kanthu kwa mfumu Aritasasta. Pomfunsa mfumu, anali atadziwa kale zosowa zace: nthawi ya ulendo, akalata a panjira, ndi mitengo ya ku nkhalango ya mfumu. Atafika ku Yerusalemu anakhala masiku atatu, natuluka usiku ndi anthu owerengeka, nazonda linga lonse. Pamenepo anagawa nchito. Werengani mutu 3, ngakhale maina ace ngobvuta: ansembe anali nayo ndime yao, osula golidi yao, ocita malonda yao, Salumu anamanga pamodzi ndi ana ace akazi, ndipo ambiri anakonza popenyana ndi nyumba zao. Panalibe mmodzi womanga linga lonse. Koma linga lonse linatha m'masiku 52.

Tiyeni tiyese nzeru iyi pa zinthu zathu.

Za nyumba. Tinene kuti mmisiri wakuuzani kuti nyumba yanu ifuna njerwa 10,000. Ciwerengero ici ciopsa. Koma banja louma njerwa silidziwika, lidziwika loumba: mukagwira cikombole ndi kuumba 200 pa tsiku, zikwanira m'masiku 50, ndiwo masabata asanu ndi atatu ndi masiku awiri, osagwira tsiku la Mulungu. Mukayamba mutakolola, mudzaocha mvula iri kutali. Iyo ndiyo ndime ya caka coyamba. Caka caciwiri, nthawi iri yonse mwagulitsa mbatatesi, gulani malata awiri kapena atatu musanacoke pamsika, pakuti ndalama yofika nayo kumudzi ipeza eni ace ambiri, koma lata silidyeka. Caka cacitatu sonkhanitsani mapaso, misomali ndi malipiro a mmisiri. Pamenepo pokha kumbani maziko, kuti khoma likwere ndi kufoleredwa m'malimwe amodzi. Nyumba zambiri zosatha zinaimitsidwa denga lisanagulidwe.

Za mwana. Sukulu ya pulaimale iri ndi zaka 8, ya sekondale zaka 4. Ndizo ndime 12. Atate wodikira kuti mwana asankhidwe, ndipo pamenepo ayambe kufuna ndalama, adzagulitsa cimanga ca m'nkhokwe pa mtengo wolira, kapena adzagwa m'katapila. Koma wogula mbuzi yaikazi mwana ali Sitandade 5, nanena, Iyi ndi ana ace nza sukulu, sizikhudzidwa ndi cikondwerero ciri conse, ameneyo sadzacita manyazi tsiku la kalata. Ndipo musawerengere anyamata okha. Sukulu ya sekondale ya asungwana iri pa Mlanda pompa. Kodi tidzangoona ana a kutali alikulowamo, athu alikukwatiwa asanakhwime?

Za moyo wa mzimu. Ambiri anena, Buku Lopatulika nlalikuru, sindingathe kulitsiriza. Liri ndi mabuku 66, ndi mitu 1,189. Wowerenga mitu itatu tsiku liri lonse, ndi isanu tsiku la Mulungu, alitsiriza m'caka cimodzi. Ngati izi zikucurukirani, Cipangano Catsopano ciri ndi mitu 260. Mutu umodzi pa tsiku, mudzacitha miyezi isanu ndi inai isanakwane. Wowerenga modukiza ayambe ndi Marko, mitu yace 16 yokha. Ndipo wosadziwa kuwerenga apemphe mdzukulu amwerengere madzulo. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

III. Tikumbukire otitsogolera.

Mpingo umene tiri m'kati mwace sunadza tsiku limodzi. M'caka ca 1889 abusa A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anayamba nchito pa Mvera, kwa mfumu Ciwere. Sanathamangira dziko lonse pamodzi. Kongwe inatsata mu 1894, Nkhoma mu 1896. Ndipo Mlanda wathu anatsegulidwa mu 1902, nchito itasamuka ku Livulezi, kumene matenda anasautsa anchito a Mulungu. Abusa oyamba a mtundu wathu m'misyoni iyi, Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza, anadzozedwa mu 1925, zitapita zaka 36 ciyambire pa Mvera. Ofesa oyamba ena anagona m'manda osaona zokolola. Koma anatha ndime yao.

Ndipo Buku limene tiliwerenga m'Cinyanja, kodi linabwera bwanji? Mbusa W. H. Murray, pamodzi ndi aphunzitsi a dziko lino ndi a misyoni zina, anagwira nchito ya kumasulira zaka za pafupi makumi awiri, gawo lalikuru pa phiri la Kaso kufupi ndi Mvera, ndipo Buku lonse linasindikizidwa mu 1922. Taonani cinthu cokoma: m'cinenero cathu mau oti ndime anena za munda, nanenanso za Buku. Anthu aja analima Buku la Mulungu monga tilima ife munda, ndime ndi ndime, tsiku ndi tsiku, kufunafuna liu loyenera kufikira atalipeza. Akadati, Nchito yacuruka, ife lero tikadawerenga ciani?

IV. Ndime ikalephereka.

Tsono wina adzati, Aphunzitsi, munena bwino. Koma mvula ikakana, kapena nthenda ikalowa m'nyumba, ziwerengero zanuzo zithandiza ciani? Funso ili nloona, ndipo sitilipeputsa. Dziko lino linaona njala ya 1949, ndipo ambiri a ife tikumbuka ya 2002, pamene anthu anagulitsa mbuzi ndi ziwiya kuti apeze gaga. Tidziwa mbale wina amene anasonkhanitsa malata zaka ziwiri, nawagulitsa onse pakudwala mkazi wace. Kodi anataya nchito yace? Iai. Malata aja ndiwo anamfikitsa wodwalayo kucipatala, ndipo ali moyo lero. Nyumba inacedwa zaka zitatu, koma inatha, ndipo alikukhalamo awiri.

Cifukwa cace mtumwi Yakobo, pa mutu 4, sadzudzula amalonda cifukwa ca kulinganiza ulendo, koma cifukwa ca kulinganiza monga eni ace a mawa. Mkristu alemba zolinga zace pansi pa cifuniro ca Ambuye, nalola kuti Mwini moyo asinthe nyengo ndi njira. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Mukagwa pa ndime ya caka cino, musataye munda wonse. Dulani yina yocepa, nimuyambenso. Mukaphonya kuwerenga sabata lathunthu, musanene, Ndalephera. Tsegulani pamene munalekera.

Ndipo musanyoze kucedwa. Pa Eksodo 23:29-30 Mulungu anauza Aisrayeli kuti sadzawapatsa dziko la Kanani lonse m'caka cimodzi, kuti lingasanduke thengo ndi kudzala zirombo iwo asanacuruke; adzawapatsa monga mwa kukula kwao. Anyamata athu, imvani ici. Ena a inu mufuna kupeza m'mwezi umodzi cimene atate anu anacipeza m'zaka khumi. Ndipo cifukwa ca ici mugulitsa munda wa makolo, nimumka ku Joni opanda makalata a ulendo, osadziwa mukagona kuti, kapena mudzabwera liti, kapena mukafuna ciani. Sitinena kuti ulendo uli wonse ngwoipa. Tinena kuti, Khalani pansi poyamba. Cuma cofika mwini asanakhwime cidza ndi zirombo zace.

Potsiriza.

Tipempha nyumba iri yonse icite zinthu zitatu mwezi uno usanathe. Coyamba, mwamuna ndi mkazi wace akhale pansi, napemphere, nasankhe colinga cimodzi ca mzimu ndi cimodzi ca pabanja. Amasiye ndi okhala okha aitane mkulu wa mpingo kapena mbale wokhulupirika akhale nao. Caciwiri, alembe papepala, kapena auze mwana wa sukulu awalembere: ca caka cino nciani, ca mwezi uno nciani, ca sabata lino nciani, naike pepalalo m'Buku Lopatulika, kuti alione masiku onse. Cacitatu, acite ndime yoyamba mawa lomwe, ingakhale yaing'ono: kubwereka cikombole, kupatula thumba limodzi la cimanga, kuwerenga mutu woyamba wa Marko. Ife tikadzafika m'midzi yanu sitidzafunsa, Mwatha kodi? Tidzafunsa, Ndime ya lero iri pati?

Ndipo inu amene simunalowe kalasi, kapena munalowa nimubwerera, dziwani kuti nchito zina zonse zikhoza kudikira caka ca mawa, koma kulapa sikudikira. Ndiyo ndime ya lero lomwe. Ambuye wathu sanasiya nchito yace panjira. Anadziwa mtengo wace, nalunjika ku Yerusalemu, naitsiriza pamtanda. Iye amene anatsiriza cipulumutso cathu adzatilimbitsa ife ofooka kuti titsirize zathu zazing'ono.

Tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, masiku athu ali m'manja mwanu. Mutipatse nzeru ya kusankha zokondweretsa Inu, ndi khama la kugwira ndime ya tsiku liri lonse, ndi mtima wofatsa pamene musintha njira zathu. Dalitsani minda yathu, nyumba zathu ndi ana athu. Ndipo dzuwa lathu likadzalowa, mutiweruse mu mtendere, mwa Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.