Kambale ka nkhaka

Kwathu wodwala timamuyesa ndi nsima. Ukalowa m'nyumba ya matenda, usanafunse n'komwe za mankhwala, umayamba ndi kuti, "Adyako?" Akati anamaliza mtanda wonse, mtima umakhala pansi. Akati angotema kawiri n'kusamba m'manja, aliyense amazyolika. Ifenso a ku Rimuka kuno ku Kadoma, ngakhale tinabadwira kuno ndipo pamsika timalankhula Chishona, muyeso umenewu sitinautaye. Anabwera nawo ndi agogo athu kuchokera ku Nyasaland, pamene ankadzafuna ntchito ku mgodi wa golide wa Cam and Motor ndi m'minda ya thonje, tauni ino ikadali kutchedwa Gatooma. Kwa anthu amene anayenda ulendo wautali chotero ndi njala, kukhuta ndi kukhala moyo zinali chinthu chimodzi.

Muyesowu umathandiza pa malungo ndi pa uchembere. Pa khansa wandisowetsa mtendere.

Amayi anga akulandira chemo chifukwa cha khansa ya m'mawere. Chithandizo chake timachipeza ku Harare, ku chipatala cha Parirenyatwa, ulendo wa makilomita pafupifupi 140 kudzera ku Chegutu, Selous ndi Norton. Amodzi mwa mankhwala amene amawalowetsa m'mitsempha ndi doxorubicin, ofiira piriwiri, moti tsiku limenelo ngakhale mkodzo umasintha mtundu. Anamwino anatifotokozera kuti mankhwalawa amalimbana ndi maselo amene amachulukana msanga, ndipo sasankha a khansa okha. Amakhudzanso tsitsi, m'kamwa ndi khungu la m'kati mwa matumbo. Matumbo akapwetekeka amatulutsa serotonin, imene imatumiza uthenga ku ubongo kuti m'thupi mwalowa chiphe, chitulutsidwe. Nseru ndi imeneyo. N'chifukwa chake amapereka ondansetron ndi mankhwala ena oletsa kusanza, ndi kutsindika kuti azimwedwa pa nthawi yake nseru isanakule, chifukwa ikakula mapiritsi omwewo sakhazikika m'mimba.

Tsiku la diripi lenilenilo silivuta kwambiri. Mavuto amabwera mawa lake ndi mkuja, tili kale kunyumba, pansi pa malata otentha. Apa m'pamene ndinadziwa kuti chimene chimawazunza kwambiri Amayi ndi fungo. Anyezi akangogwera m'mafuta, ngakhale kwa aneba, iwo amafunda chitenje kumutu. Kapenta wokazinga, amene anatilerera tonsefe, sakufuna n'kumumva komwe. Nsima yomwe, imene ine ndinkaona ngati ilibe fungo, nthunzi yake ikawapeza povundukula mbale amatembenukira kukhoma. Nyama akuti ikumveka chitsulo m'kamwa.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, anandiitana n'kunena kuti, "Mwanawe, kulibe kanthu kozizira? Kopanda moto, kopanda mafuta." M'dengu munali nkhaka ziwiri. Ndinazitsuka, kuzisenda, kukokota njere ndi supuni, n'kuzidula mopyapyala mpaka kuwala kumaonekera. Ndinawaza kamchere pang'ono ndi kufinyira madontho a ndimu. Magetsi anali atazima, choncho ndinayandamitsa kambaleko m'beseni la madzi a mumtsuko kuti kazizire. Anatola kachidutswa kamodzi ndi zala, kutafuna pang'onopang'ono, kudikira. Anatolanso kena. Sanamalize, koma zimene anadyazo zinakhala m'mimba.

Chinsinsi chake si chachikulu. Chakudya chozizira sichitulutsa nthunzi, motero fungo lake silifika pamphuno munthu asanakonzeke. Kuwawasa kwa ndimu kumachotsa kukoma kwa chitsulo kuja ndi kubweretsa malovu. Nkhaka ndi madzi pafupifupi yonse, ndipo munthu wosanza amasowa madzi. Komanso kambale kakang'ono sikaopsa. Mbale yodzaza imamuuza wodwala kuti pali ntchito yoti agwire, ndipo amatopa asanayambe.

Kuyambira pamenepo kambaleka kamasintha ndi nyengo. Mvula itagwa kunabwera zipwete, zimene anzathu kuno amati magaka, ndipo Amayi amazikonda chifukwa zimawakumbutsa kumunda ali mtsikana. Mu Disembala ndinayamba kuwonjezera mango ongoyamba kupsa, olimba, odula timizeremizere. Matimati ndinayesa, anakana. Sanakane kukoma kwake, anakana mtundu. Akuti chilichonse chofiira chimawakumbutsa mankhwala aja akutsika m'chubu, ndipo m'mimba mumatembenuka asanalawe. Anamwino akuti zoterezi n'zodziwika: thupi limaphunzira, ndipo ena amayamba kumva nseru akangoona chipata cha chipatala. Pa chifukwa chomwecho anatichenjeza kuti pa masiku oipa tisamawapatse chakudya chimene amachikonda kwambiri, kuopa kuti angadane nacho mpaka kalekale. Choncho nkhwani wotendera ndimausungira sabata yachitatu chilandirireni mankhwala, pamene mphamvu zabwerera.

Azakhali anga, alongo awo a malemu Bambo, ataona kambaleka anapukusa mutu. "Munthu angachire ndi nkhaka? Izi ndi zakudya za akalulu. Muphikireni nsima mlamu wangayu." Sindinawatsutse, chifukwa mbali ina akunena zoona. Kwa ife zamasamba zosaphika si chakudya. Saladi timamuona paukwati ndi pa Khirisimasi, kabichi wodula pambali pa mpunga, wongokongoletsa mbale. Ndipo nkhaka ilibe mphamvu yomanga thupi limene likugwetsedwa ndi mankhwala milungu itatu iliyonse. Munthu atadya nkhaka zokha akhoza kutha. Ntchito yake ndi kutsegula njira. M'mimba mukakhazikika, pakapita ola limodzi ndimabweretsa dzira lowiritsa lozizira, kapena kapu ya mahewu, kapena phala lansinjiro limene laleka kufuka. Pang'onopang'ono, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, m'malo mwa mbale ziwiri zikuluzikulu. Pakati pake amapsontha madzi owiritsa ndi jinja.

Pali china chimene chimandidetsa nkhawa, ndipo sindichitenga mopepuka. Chemo imatsitsa asilikali a m'magazi, makamaka kuyambira tsiku la 7 mpaka la 14 chilandirireni mankhwala. Pa masiku amenewo kachilombo kamene ine sikangandichite kanthu kakhoza kuwagoneka Amayi m'chipatala. Ndipo ife a dera lino tikudziwa chimene madzi oipa amachita. Mu Disembala 2008 kolera inapha anthu ambiri ku Chegutu, ndipo mliri wa 2023 unayambiranso komweko mu Febuluwale. Choncho chakudya chosaphika chimafuna ulemu wake. Madzi otsukira ndimayamba ndawawiritsa. Chilichonse ndimasenda, ndipo chimene sichisendeka, monga letesi ndi kabichi, sindiwapatsa chachiwisi. Mpeni ndi thabwa lodulirapo ndi zawozawo, sizikhudza nyama. Ndimadula zoti adye nthawi yomweyo, zotsala sindisunga. Zodulidwa kale za pamsewu, ngakhale zioneke zokongola chotani, ayi. Magazi akaonetsa kuti asilikali atsika kwambiri timamvera a chipatala, nkhaka imadikira. Ndipo thupi likatentha kufika madigiri 38 sitidikira kuti kuche.

Chimene ndimasinkhasinkha kwambiri usiku ndi chikondi chathu ndi mmene chimalemerera. Amayi a Mvano a mpingo wathu anabwera Lachinayi lina atavala zoyera zawo, atanyamula nkhuku yophika bwino ndi nsima m'bakuli. Anabwera ndi mtima wonse, ena atachotsa pa kandalama kawo kochepa. Amayi anga, pokhala munthu waulemu, anadzuka, anasamba m'manja, anadya alendo akuyang'ana, akumwetulira. Alendo atangotuluka pageti anasanza zonse, ndipo anagona osalankhula mpaka madzulo. Palibe amene analakwa pamenepo. Aliyense anachita zimene tinaphunzitsidwa: wodzazonda sabwera chimanjamanja, wodwala sakana chakudya cha mlendo. Koma mtolo wonse unagwera munthu amene analibe mphamvu zousenza. Ndinaona kuti nthawi zambiri tikamati "idyani, idyani" timakhala tikuchiza mantha athu omwe. Timafuna kuona mbale yopanda kanthu kuti tikagone.

Mlungu wotsatira ndinapita kwa amayi amene amatsogolera gululo n'kuwapempha mwaulemu. Ndinati, "Amayi, kubwera kwanu kumawalimbitsa mtima. Koma nkhuku muzitipatsa yamoyo, tidzaphika tsiku limene angathe kudya. Mukafuna kunyamula kanthu, mango kapena nkhaka zikwanira." Anandimvetsa msanga kuposa mmene ndinkaganizira, chifukwa nawonso anadwazikapo mchemwali wawo. Tsopano akabwera amakhala pakhonde pamene pamapita mphepo, amaimba nyimbo ziwiri, amapemphera, ndipo palibe amene amavundukula bakuli.

Masiku ano m'kamwa mwa Amayi mwatuluka zilonda, chimene ndi chizolowezi cha mankhwala omwewa, ndiye ndimu ndi mchere ndachotsa chifukwa zikuwawawa. Mango owawasa nawonso aima kaye. Zatsala nkhaka zokha, papaya wakupsa ndi chivwende chimene ndimasankha chotuwirako, osati chofiira kwambiri. Supuni ndi yapulasitiki, popeza yachitsulo imawonjezera kukoma koipa kuja.

Ulendo wotsatira tikamachokera ku Harare Amayi adzatsikira ku Chegutu, akakhale kwa mchemwali wanga ku Pfupajena, kuti ine ndibwerere kuntchito. Ndamulembera zonse papepala: nthawi za mapiritsi, za kuwiritsa madzi, za mpeni, ndi kuti aziphikira panja kutali ndi zenera la chipinda chawo. Anandifunsa pafoni kuti, "Nanga akakana ngakhale nkhakazo, nditani?" Ndinamuuza kuti achotse kambaleko osadandaula pamaso pawo, awapatse madzi pang'onopang'ono, ayesenso pakapita ola, ndipo tsiku lathunthu likatha madzi omwe osakhazikika m'mimba, apite nawo kuchipatala.