Zengerezu Adalinda Kwawukwawu

Akuluakulu ponena mwambi uwu ankachenjeza munthu amene ntchito akuiona, akudziwanso kuti njofunika, koma amangoti mawa. Tsiku loti ayambe likafika, nyonga zatha, ndipo ulendo woti akadauyenda chilili amauyenda chokwawa. Zengerezu si mbuli ayi. Nzeru ali nazo, chomusowa ndi mtima woyamba.

Matendawa amagwira ngakhale makampani otchuka. Mu 1975, injiniya wa kampani ya Kodak mumzinda wa Rochester ku America, Steven Sasson, adapanga kamera yojambula popanda filimu. Chithunzi chimodzi chinkatenga masekondi 23 kuti chisungike pa kaseti, komabe njira ya m'tsogolo idaoneka. Mabwana sadaithamangire. Phindu lawo lalikulu linkachokera ku filimu, mapepala ndi mankhwala otsukira zithunzi, ndiye ankaopa kuti kamera yatsopanoyo ipha malonda amene akuwadyetsa. Makamera otere adawapanga ndithu pambuyo pake, koma mtima wawo udatsalira ku filimu. Anthu atayamba kujambula ndi makamera opanda filimu komanso mafoni, filimu idasowa ogula, ndipo mu Januwale 2012 Kodak idakapempha khoti kuti liiteteze kwa amene idawakongola.

Mavuto omwewo adagweranso Fujifilm ya ku Japan. Motsogozedwa ndi Shigetaka Komori, iwo adadzifunsa kuti luso lawo lopanga filimu lingagwirenso ntchito yanji. Adalimbikira zipangizo za m'chipatala ndi mankhwala, ndipo mu 2007 adatulutsa zodzola za Astalift pogwiritsa ntchito nzeru zomwe zinkateteza zithunzi kuti zisafuwe. Adachita zimenezi ndalama zoyesera zikadalipo.

Apa ndiye pagona phunziro. Chimene chimamanga miyendo wamalonda kawirikawiri ndi kukoma kwa phindu la lero. Mantha akewo ngomveka, pakuti chatsopano chimadya ndalama chisanabweze. Koma mlimi wanzeru amatsegula munda wina m'nkhokwe mukadali chimanga, salinda njala. Wamalondanso ayese chatsopano pang'onopang'ono, apatule ndalama zimene zitatayika bizinesi siingagwe, amvere antchito amene amakumana ndi makasitomala tsiku ndi tsiku, ndipo asalange munthu chifukwa choti adayesa n'kulephera.

Mwambiwu sukulimbikitsa phuma. Kuganiza mofatsa n'kwabwino, koma kuganizako kukhale ndi tsiku lothera. Mukasiya kupanga chinthu chimene makasitomala anu akuchifuna poopa kuti chipha malonda anu akale, dziwani kuti mnzanu achipanga, ndipo makasitomalawo apita kwa iye.