Kodi Kupala Nyimbo Nkuba?

Abale, tonse tidziwa mwambo wa kupala moto. Mayi akaona kuti moto wake wazima, atenga phale napita kwa mnansi wake, napala makala awiri. Palibe amene amutcha mbala, pakuti moto wa mnansiyo suchepa. Koma masiku ano wabuka mlandu wonga umenewu, ndipo tiyenera kuulingalira bwino.

M'chaka cha 2001 kampani ya Apple, ya ku America, inatulutsa kachipangizo kolowa m'thumba, dzina lake iPod, kosunga nyimbo ngati 1,000. Mwini wake anali kukalumikiza ku kompyuta ndi chingwe, ndipo nyimbo zinali kutsikiramo. Koma amisiri ake anaika khomo lotsegukira mbali imodzi: nyimbo zinaloledwa kuchoka m'kompyuta kulowa m'kachipangizo, koma kubwerera ayi. Anazibisa m'kati, nasintha maina ake akhale zilembo zinayi zopanda tanthauzo. Anatero poopa kuti munthu angayende nako m'nyumba za anzake ndi kugawa nyimbo zimene eni ake sanalandirepo kanthu.

Tsono chakudza sichiimba ng'oma. Taganizani za munthu amene anagula nyimbo zake ndi ndalama za thukuta lake. Lero kompyuta yake yafa, ndipo nyimbozo zatsala m'kachipangizo mokha. Iyeyu ali ngati mlimi amene nkhokwe yake yapsa, napulumutsa dengu limodzi, ndipo wina amletsa kukhuthulira chimanga chake m'nkhokwe yatsopano. M'chaka cha 2006 kampaniyo inalola kuti nyimbo zogulidwa m'sitolo yake zibwerere, koma zina zonse munthu anayenera kuzivumbulula kumene zinabisika ndi kuzikopera yekha. Ndipo popeza m'chaka cha 2022 analeka kupanga iPod, tizipangizo totsalato tilikukalamba, ndi mabatire ake alikutha mphamvu. Ife titi, wopulumutsa zake zisanatayike sanalakwe, wachita mwanzeru.

Koma taonani, njira imene mwini abwezera nyimbo zake ndiyo yomwenso wina akhuthulira nyimbo za mnzake. Akamfunsa, ayankha kuti sanabe, pakuti za mnzakeyo zili zonse monga kale, wangopala moto. Mawu awa amveka okoma, koma abisa kanthu. Mayi wogawa moto uja ndiye anatola nkhuni, ndipo apatsa za iye mwini. Koma mnzathu wotigawira nyimbo sindiye anazipeka. Anatola nkhuni ndi woyimba, amene anakhala usiku kukonza mawu, nalipira oyimba zing'wenyeng'wenye ndi ojambula. Iye sanafunsidwe, ndipo phala la ana ake lichokera m'nyimbo zomwezo.

Mlanduwu suli wa kutsidya kwa nyanja kokha. M'misika mwathu anyamata okhala ndi kompyuta adzaza nyimbo m'mafoni a anthu pa mtengo wochepa, ndipo ambiri a ife tinagulako osafunsa ngati woyimba alandirapo gawo. Bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa m'chaka cha 1992 kuti opeka ndi oyimba a m'Malawi alandire mphotho ya ntchito yawo. Koma bungwe silingathe kuima pa khomo la munthu aliyense.

Makina sadziwa kusiyanitsa mwini ndi mbala, chifukwa chake amisiri anatsekera onse pamodzi, ndipo wokhulupirika anavutika chifukwa cha wonyenga. Umo ndi momwe zikhalira ponse: kumene kukhulupirika kuchepa, mipanda ichuluka. Chimene makina sangathe, mtima ukhoza. Tisanalumikize chingwe, tiyeni tidzifunse ngati tilikututa za m'munda mwathu kapena za m'munda wa wina. Zikakhala zathu, tizisunge pawiri mosaopa. Zikakhala za wina, tipite kwa mwini nkhuni ndi mtengo wake m'manja.